Kodi Makutu a Munthu Ali Ace Yekha?

Pa mseu waukulu wa kum'mawa, umene ucoka ku Lusaka, nuoloka mtsinje wa Luangwa, nupita pa Nyimba ndi pa mphambano ya ku Petauke kufikira ku Chipata, paoneka cinthu cimene makolo sanacione m'masiku ao. Mnyamata apalasa njinga atamangirira mikoko ya nthoci pambuyo, ndipo m'makutu mwace mutuluka tizingwe tiwiri tolowa m'thumba la malaya. Mkulu wa pamudzi ampatsa moni, iye sayankha. Sacita dala ai. Makutu ace adzala ndi nyimbo zimene palibe wina alikuzimva. Akulu poona ici ati ndi mwano. Anyamata ati, "Talakwira yani? Kamakina tinagula ndi ndalama zathu, ndipo makutu ndi athu." Mlandu uwu uyenera kuweruzidwa mofatsa, pakuti mbali zonse ziwiri ziri ndi mau. Funso lace ndi ili: kodi makutu a munthu ali ace yekha, kapena anzace ali nalo gawo pa iwo?

Kumene kanacokera

Kale nyimbo siinamveke popanda woimba kukhala pomwepo. Pambuyo pace kunadza galamafoni, ndipo m'caka ca 1949 kunafika wailesi yochipa imene Azungu anaicha Saucepan Special, cifukwa maonekedwe ace anali ngati mphika wa citsulo. Harry Franklin, amene anali mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ndiye anapempha kampani ya Ever Ready ku England kuti ipange wailesi yotere. Mtengo wace unali £5, ndi batire masileni 25. Mwa iyo anthu a m'midzi anamva mau a Alick Nkhata ndi oimba ena a ku Lusaka. Koma mwini wailesi anali ngati mwini moto m'mwezi wa June: anansi onse amadza kudzaotha.

M'caka ca 1979 kampani ya Sony ku Japan inatulutsa Walkman, kamakina ka makaseti kamene munthu amamvera yekha ndi zobvala m'makutu. Patapita zaka, akatswiri a ku Germany ndi anzao anapeza njira yopanikizira nyimbo kuti icepe m'kompyuta, pocotsamo timau timene khutu silitha kutimva bwino. Njira iyi ichedwa MP3. M'caka ca 1998 kunatuluka timakina toyamba tosunga nyimbo zotere popanda kaseti: MPMan ku South Korea, ndi Rio ku America. Rio inagulidwa madola 200, inayenda ndi batire imodzi yaing'ono, ndipo inasunga nyimbo za theka la ora kapena kupitirirapo pang'ono. Pa 23 October 2001 kampani ya Apple inaonetsa iPod, imene inasunga nyimbo 1,000, pa mtengo wa madola 399.

Mtengo umenewo mlimi wa thonje kapena wa nshawa sakanaukwanitsa. Kwa anthu ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba cinthuci cinafika mocedwa, ndiponso mwa njira yina: timakina tochipa ta ku China, mawailesi ang'ono olowetsamo fulashi kapena memori kadi, ndipo potsiriza foni ya m'manja. M'caka ca 2022 Apple inaleka kupanga iPod, foni italanda kale nchito yace. Kamakina koyamba kaja kanatha, koma mkhalidwe umene kanaphunzitsa anthu unatsala, ndiwo wa kutseka makutu pakati pa anzako.

Mau a anyamata

Coyamba kuyenera kubvomereza kuti anyamata ali ndi zifukwa zomveka. Ulendo wa basi kucoka ku Petauke kunka ku Lusaka uli wa maora ambiri, ndipo nyimbo ifupikitsa njira. Wodwala wogona m'cipatala ca ku Minga kapena ca ku Nyimba, amene tulo tamthawa pakati pa usiku, apeza citonthozo popanda kudzutsa wa pa bedi loyandikana nalo. Mwana wa sukulu wokhala m'nyumba yodzala anthu apeza kamphindi kokhala ndi maganizo ace. Ndiponso womvera yekha sasautsa mudzi monga acitira mwini bala amene aika zokuzira mau pakhomo, nalanda tulo ta okalamba ndi makanda kufikira tambala woyamba. Pa awiriwa, wa tizingwe ndiye waulemu.

Ndipo kudziimbira wekha pa ulendo si mwambo wacilendo kwa Ansenga. M'caka ca 1961 John Blacking, wophunzira za nyimbo za mitundu ya anthu, anayenda m'dziko la Petauke, najambula nyimbo za kalimba, nalemba za kaimbidwe kace. Kalimba ndi kathabwa kakang'ono kokhala ndi tizitsulo tosula, timene munthu aliza ndi zala zazikulu. Mau ace ali ofatsa, osafika patali. Anyamata amakaliza poyenda okha m'njira, kapena pokhala madzulo pakhonde, kudzisangalatsa ndi kucotsa cisoni. Motero agogo amene adzudzula mdzukulu wao lero, kapena iwonso pa unyamata wao anayenda ndi nyimbo zao m'manja. Mtima wa munthu ufuna nthawi yokhala pa wokha, ndipo cifuniro ici siciri coipa.

Kusiyana kwa kalimba ndi kamakina

Komatu pali kusiyana kuwiri kumene kuyenera kuonedwa. Kwoyamba, woliza kalimba makutu ace ali otseguka. Amva mapazi a munthu pambuyo, amva njoka m'udzu, amva moni, ndipo aleka kuliza nayankha. Wokomana naye m'njira amvako nyimboyo, kapena nathirirapo mang'ombe. Kwaciwiri, nyimbo ya kalimba ituluka m'zala ndi m'mtima mwa mwini wace. Iye ndiye aipanga. Wa kamakina alandira cabe zimene ena anaimba kutali, ndipo kuti azimve bwino ayenera kutsekera kunja dziko lonse lomzinga.

Apa ndipo pagona mlandu. Diso liri ndi cikope, ndipo munthu atseka maso ace pamene afuna. Khutu liribe citseko. Ngakhale m'tulo likhala maso, kotero kuti mai adzuka mwana akalira, ndipo bambo adzuka fisi akafika pa khola. Khutu ndilo khomo limene anthu ena alowera kwa munthu osayamba apempha. Wolitseka acita ngati munthu amene amanga nyumba pakati pa mudzi, koma osaikapo khomo loti mlendo anenepo odi.

Mangawa atatu a khutu

Mangawa oyamba ndi moni. Kumudzi moni si mau a cabe. Pofunsa kuti, "Muli bwanji?" kapena m'Cinsenga, "Muli tyani?" munthu abvomereza kuti mnzace alipo, ndipo ali munthu. Mwa moni zimveka nkhani za matenda, za maliro, za ng'ombe yosokera. Nkhalamba imene yapatsa moni osayankhidwa siidziwa za batire ndi tizingwe. Idziwa kokha kuti mwana wa mlongo wace waipitirira monga apitirira citsa. Mnyamata anganene kuti sanafune kunyoza, ndipo anena zoona. Koma iye mwini anasankha kusamva, podziwa kuti m'njiramo muyenda anthu.

Mangawa aciwiri ndi mpfuu. Mudzi ukhala ndi moyo cifukwa wina akapfuula ena athamanga. Nyumba ya udzu ikagwira moto, mwana akagwa m'citsime, njobvu zikalowa m'minda ya ku cigwa ca Luangwa kwa Nyalugwe kapena kwa Luembe, cipulumutso ciri m'makutu a anansi. Munthu aliyense ayembekeza kuti tsiku lace la tsoka anzace adzamumva. Cifukwa cace iyenso ali ndi mangawa a kumva iwo. Ndiponso pa mseu waukulu payenda malole olemera a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo wopalasa njinga amene samva hutala aika moyo wace pa ngozi, pamodzi ndi moyo wa amene wamkweza. Cakudza siciimba ng'oma. Ndipo akafa iye, olira ndi osenza ana ace ndi ena.

Mangawa acitatu ndi nyimbo ya pamodzi. Nyimbo za makolo zinapangidwa kuti wina atsogole, ena abvomere. Akazi pa mtondo, anamwali pa cinamwali, amuna pa dima, anthu a kwa Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, mpingo pa Sabata ndi pa maliro, onsewa aimba polandizana mau. Nyimbo zotere sizisungika m'memori kadi mokha. Zikhala ndi moyo pamene ana aziphunzira pakamwa pa akulu. Munthu angathe kusenza nyimbo 1,000 m'thumba, koma pa siwa usiku nasowa ngakhale imodzi yoti ayambitse. Pamenepo cuma cace ca m'thumba sicithandiza wamasiye.

Khutu lomwe liri ndi malire

Ngakhale munthu akakana mangawa onsewa, nati makutu ali ace ndithu, atsala ndi funso la kasungidwe kace. M'kati mwa khutu muli kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, ndipo m'menemo muli tiubweya tosaoneka ndi maso, zikwi zambiri, timene tigwedezeka ndi mau ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lalikulu la nthawi yaitali litiononga, ndipo tikafa sitimeranso. Kugontha kwa mtundu uwu kudza pang'ono pang'ono, kopanda ululu. Cizindikiro cace coyamba ndi kulira kwa m'makutu, ndi kulephera kumva mau a munthu pamene ambiri alikulankhula.

M'caka ca 2015 bungwe la World Health Organization linacenjeza kuti acinyamata okwana mamiliyoni 1,100 pa dziko lonse anali pa ngozi ya kuonongeka makutu cifukwa ca kumvera nyimbo mokweza. Linalangiza kuti munthu acepetse mau, apumitse makutu kawiri kawiri, ndipo asapitirire ora limodzi pa tsiku ali ndi zomvera m'makutu. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati munthu woima pafupi ayenera kupfuula kuti amvedwe, mau akwera kopitirira. Mnyamata wa zaka 18 amene agonthetsa makutu ace alanda kanthu kwa nkhalamba imene iye adzakhala, ndi kwa adzukulu amene adzalankhula naye osamvedwa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mphotho ya woimba

Patsala munthu mmodzi amene saoneka pa mlanduwu, ndiye woimba. Pamene Rio inatuluka mu 1998, bungwe la makampani a nyimbo ku America linakasuma ku bwalo kuti iletsedwe, poopa kuti anthu adzatenga nyimbo osalipira. M'caka ca 1999 bwalo linaweruza kuti kamakinako sikalakwira lamulo. Ciweruzo ici cinali colungama, pakuti khasu liribe mlandu ngati mwini wace akumba nalo mbatata za mnzace. Koma mantha ao sanali acabe. M'misika ya m'matauni a kum'mawa muli timasitolo m'mene munthu apereka makwaca owerengeka, namdzazira memori kadi ndi nyimbo mazana. Mwini kompyuta alandira, mwini kadi akondwa, koma wopeka nyimbo salandira ngakhale ngwee imodzi. Zambia iri ndi lamulo la 1994 loteteza nchito za olemba ndi oimba, ndiponso bungwe la ZAMCOPS losonkhanitsa malipiro ao. Lamulo silingafike m'thumba la munthu aliyense. Cikumbumtima ndico cifikamo. Wokonda nyimbo za woimba wa kwao ayenera kufuna njira yomthokozera, pogula nyimbo zace m'njira yoyenera, kapena polipira pakhomo tsiku limene adza kudzaimba.

Ciweruzo

Tsono yankho liri lotani? Makutu ali a mwini wace monga munda uli wa mwini wace. Alimamo cimene afuna, ndipo palibe womletsa. Koma pakati pa mundawo papita njira ya kumadzi imene mudzi wonse uyendamo, ndipo mwini munda alibe ufulu wa kuitseka ndi minga. Kukhala ndi kamakina ka nyimbo si kulakwa, ndipo kumvera wekha si kulakwa. Kulakwa kuyamba pamene munthu atseka makutu pa malo ndi pa nthawi imene anzace ali ndi cifukwa ca kuyembekeza kuti awamva.

Cifukwa cace wanzeru asiyanitsa nthawi. Pa basi, pa mphasa yace usiku, pa nchito ya yekha yopanda ngozi, amvere ndi mtendere, mau ali ocepa. Pa njinga ndi pa mseu, makutu onse awiri akhale otseguka. Polowa m'mudzi, pofika pa akulu, pa cakudya, pa bwalo la mfumu ndi pa maliro, tizingwe tilowe m'thumba asanampatse moni munthu woyamba. Polera mwana kapena poweta ng'ombe, akumbukire kuti makutu ace ali pa nchito ya ena. Ndipo nyimbo ikamkomera, aimvetseko mbale wace, naphunzire kuiimba ndi pakamwa pace.

Akulu naonso ali ndi mbali yao. Kudzudzula kokha sikubweza mwana. Ngati madzulo pabwalo palibe nthano, palibe kalimba, palibe wophunzitsa nyimbo za pa mtondo ndi za pa dima, mwana adzafuna nyimbo kwina, ndipo adzaipeza m'foni. Amene afuna kuti ana atsegule makutu ayambe wakonza cimene anawo adzamva. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Ndipo awiriwo akhala anthu pamene wina alankhula, wina namva.