Kodi Kusayankha Mkuru Ndi Mwano Nthawi Zonse?

Makolo athu anatiphunzitsa kuti mkuru akalankhula, wamng'ono aleke nchito yace, atembenuke, nayankhe modzicepetsa. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo mudzi umene uutaya susowa milandu. Koma tiyeni tifunsane funso lobvuta: kodi iripo nthawi imene munthu angaleke kuyankha mkuru wace, nakhalabe wosalakwa? Funsoli siliri la masewera ai, pakuti likhudza moyo wa yense wa ife amene akwera basi pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka, wopyola pa Nyimba ndi pa Petauke kunka ku Chipata.

Tiyambe ndi kuphunzira kwa anthu oyendetsa ndege. Ambiri a ife sitinakwerepo ndege, tingoziona zirikupita m'mitambo pamene tiri m'munda. Koma eni ace a nchitoyo analipeza yankho la funso lathu ndi misozi yambiri.

Pa 11 September 1974 ndege ya kampani ya Eastern Air Lines inali kutsikira ku mzinda wa Charlotte m'dziko la Amereka, kunja kuli nkhungu. Inanyamula anthu 82. Oiyendetsa anali amuna odziwa nchito, ndipo makina ace onse anali abwino. Koma inagwa pansi isanafike pa bwalo, nafa anthu 72. Ofufuza atamvetsera kabokosi kamene kasunga mau onse olankhulidwa m'cipinda ca oyendetsa, anapeza kuti amunawo anali kuceza za ndale za dziko ndi za magalimoto akale ogulitsa, pamene anayenera kupenyerera cipangizo coonetsa kutalika kwao ndi nthaka. Sanaledzere, sanagone tulo; anangoceza monga ticeza ife tonse.

Cifukwa ca ngozi iyi ndi zina zotere, m'caka ca 1981 boma la Amereka linaika lamulo lakuti ndege ikamayenda pa bwalo, ikamanyamuka, ikamatera, ndiponso ikamakwera kapena kutsika pansi pa mafiti 10,000, ndiwo mamita ngati 3,000, oyendetsa asalankhule kanthu kosakhudza ulendowo, asadye, asawerenge nyuzipepala, ndipo wina asawasokoneze ndi nkhani zacabe. Maiko ena ambiri anatsata njira yomweyo. Ngakhale cotero, lamulo lolembedwa silisunga munthu amene salisunga. Pa 27 August 2006, m'bandakuca, ndege yaing'ono ya maulendo afupi ya kampani ya Comair inalowa m'njira yolakwika pa bwalo la ku Lexington, njira yaifupi yosakwanira kunyamukirapo. Mwa anthu 50 anapulumuka mmodzi yekha, ndipo ofufuza anachula maceza a oyendetsa pa bwalopo monga cimodzi ca zimene zinawasoceretsa.

Ngozi ina inadza ndi alendo. Pa 23 March 1994 ndege ya Aeroflot inali pa ulendo wocokera ku Moscow kunka ku Hong Kong. Mmodzi wa oyendetsa anali ndi ana ace awiri pa ulendowo, ndipo pofuna kuwakondweretsa anawalowetsa m'cipinda cace, nawakhazika pa mpando wace wina atatha mnzace. Mnyamatayo anapotoza ciongolero, namasula mbali ina ya makina odziyendetsa okha popanda wozindikira msanga. Ndege inapendekeka, nigwa m'mapiri a ku Siberia, ndipo anthu onse 75 anatha. Taonani, cimene cinawapha cinali cikondi ca atate pa ana ao, cocitidwa pa malo osayenera.

Tsono tibwere kwathu. Basi ikacoka pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, ikwera mapiri a ku Kacholola, kumene mseu ukhotakhota ndipo woyendetsa saona cimene ciri kuseri kwa khonde la phiri. Mpando wa kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, tiupatsa munthu wolemekezeka: nyakwawa, mphunzitsi wamkuru, mbusa, kapena nkhalamba ya imvi. Mkuruyo, pokhala munthu waulemu, aona kuti nkosayenera kukhala duu pambali pa mnzace, nayamba kufunsa: "Kodi mwana wanga, kwanu nkuti? Atate ako ndani? Mvula yagwa bwanji kumeneko?" Ndipo dalaivala, pokhala woleredwa bwino, atembenuza nkhope nati, "Inde Bambo, kwathu nku Minga." Kumbuyo wina apfuula kuti aimitse basi pa Nyimba agule nthoci, wina atambasula dzanja kumpatsa cimanga cootca, foni ya m'thumba nayo irikulira.

Tiwerengere pamodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora ipita mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akayang'ana kumbali masekondi atatu okha, nthawi yongokwanira kubwezera moni, basi yayenda mamita 66 yopanda maso. M'mamita amenewo mungakhale mbuzi, ngolo ya ng'ombe, mwana wa sukulu pa njinga, kapena lole yofera pokhota. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Mtima wa munthu sungakhale pa mseu ndi pa nkhani nthawi imodzi.

Nanga basi ikagwa, mlandu ngwa yani? Bwalo la milandu lidzagwira dalaivala, ndipo lidzacita bwino, pakuti ndiye anagwira ciongolero. Koma cikumbumtima ciri ndi bwalo lace, ndipo kumeneko mkuru uja sangatuluke woyera. Iye anadziwa kuti mnyamatayo sakhoza kumnyalanyaza. Anagwiritsa ulemu wa mnyamatayo monga cingwe comkokera nkhope kucokera pa mseu. Munthu akakula ulemerero, mau ace alemera, ndipo ayenera kusamala koposa ena pamene awaponya. Mwana akalankhulitsa dalaivala, kondakitala amdzudzula. Koma adzadzudzula mfumu ndani?

Wina adzati, "Ulendo wa ku Lusaka ngwautali, makilomita pafupifupi 400 kucokera pa Petauke, dalaivala akasowa womcezetsa adzaodzera." Mau awa ali ndi coonadi cace, ndipo lamulo la ndege lomwe siliwakana. Ndege ikakwera pamwamba, niyenda mowongoka, oyendetsa aceza ndi kudya momasuka. Cimene ciletsedwa ndico kuceza pa nthawi yoopsa. Comweco pa mseu: pokhota, potsetsereka, popambana ndi galimoto ina, podutsa pa msika, pa mvula ndi pa mdima, pakamwa patsekedwe. Ndipo mankhwala a tulo ndiwo kuima ndi kupumula, pakuti wotopa sacira ndi nthabwala.

Tisaiwalenso mbali yina. Lamulo lija liletsa mau acabe, koma mau ocenjeza liwafuna. Masiku ano oyendetsa ndege aphunzitsidwa kuti wamng'ono akaona mkuru wace alikulakwa, anene poyera, asaope. Ife kawirikawiri ticita zosiyana ndi izi: tilankhula pamene tiyenera kukhala cete, ndipo tikhala cete pamene tiyenera kulankhula. Dalaivala akanunkha mowa, akathamanga mopyola muyeso, akagwira foni ndi dzanja limodzi, anthu makumi asanu angoyang'anana, yense kuopa kuoneka wamwano. Pamenepo ndipo mkuru wa pa mpando wa kutsogolo ayenera kutsegula pakamwa, pakuti mau ace adzamveka.

Tibwerere tsono ku funso lathu. Ulemu unaikidwa kuti usunge anthu, ndipo makolo athu anadziwa ici bwino lomwe. Mai wosenza mtsuko wodzala abwezera moni osatembenuza khosi, ndipo palibe amuyesa wonyada. Wopalasa bwato pa Luangwa madzi atasefuka sayankha munthu kufikira atakoceza tsidya, ndipo okwera akhala pansi osagwedezeka. Mlenje wozemberera nyama sapatsa moni ngakhale apongozi ace. Nzeru imeneyi njakale. Cobvuta ncakuti sitinaitengere m'basi.

Cifukwa cace, inu oyendetsa, mkuru akakulankhulitsani pa malo oipa, nenani mofatsa, "Pepani Bambo, ndikuyankhani tikatsika phirili," maso ali pa mseu. Simunacite mwano, mwamlemekeza mkuruyo koposa, pakuti mwasunga moyo wace pamodzi ndi wa mai wobereka khanda amene akhala kumbuyo. Ndipo ife okwera, makamaka ife amene tipatsidwa mpando wa ulemu, tipereke moni basi isananyamuke, tisunge mafunso athu kufikira poima, ana athu tiwakhazike kutali ndi ciongolero, ndipo pofika tithokoze munthu amene watifikitsa. Nkhani za mvula ndi za kumudzi tidzazikamba bwino pa Nyimba, injini itazima, tirikudya nthoci pamodzi.