Khutba ya Ijumaa: Malaya a Yusuf ndi Chikalata cha Kupolisi

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini chilungamo. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad.

Abale anga okhulupirira, Mneneri Yusuf atanamiziridwa ndi mkazi wa bwana wake sanavomere mlandu pofuna kuti nkhani ithe msanga. Anaukana, ndipo malaya ong'ambika kumbuyo anamuikira umboni. Ngakhale pamene mfumu inamuitana ali m'ndende, iye anakana kutuluka kufikira akazi amene anadzicheka manja aja atafunsidwa. Ndani anganene kuti Yusuf sanali kudalira Allah?

Apolisi a PRM kapena ofufuza a SERNIC akakuitanani, pitani mwaulemu. Ngati ndinu mboni, nenani zimene munaona, pakuti Surat al-Baqara ikuletsa kubisa umboni. Koma wapolisi naye ndi munthu, amalakwitsa, ndipo mawu anu amawalemba m'Chipwitikizi chimene ambiri muno sachimva bwino. Musasaine kapena kudinda chala pachikalata chimene sanakumasulireni.

Ngati woganiziridwa ndinu, ndime 62 ya malamulo aakulu a dziko lino ikukupatsani ufulu wokhala ndi wokuimirani pamlandu. Wosauka apemphe thandizo ku IPAJ. Wachibale akamangidwa, musathamange ndi chiphuphu, chimenecho ndi haramu. Kafunseni tsiku lokaonekera kwa woweruza, poti lamulo likuti pasadutse maola 48.