Mayi wa m'Galasi

Mlongo wanga ndi telala. Pamene ndinali kunyamuka ulendo wa ku Roma, iye sanandipemphe nsapato kapena wotchi ayi, koma anati, "Achimwene, mukandijambulire madiresi a m'masitolo a kumeneko, kuti ndidzaone m'mene anzathu amadulira nsalu."

Motero Loweruka lina masana ndinayenda mu msewu wa Via dei Condotti, umene umachokera pa Via del Corso nukathera pa Piazza di Spagna. Msewuwo ndi wopapatiza, ndipo dzina lake linachokera ku mipope ya madzi imene inadutsa kumeneko kale, koma masiku ano umatchuka ndi masitolo a Gucci, Prada ndi Bulgari. Sindinalowe m'sitolo ndi imodzi yomwe, pakuti thumba langa linali kudziwa malire ake. Ndinangoima panja, ndi kujambula zidole zazitali zopanda maso zimene amaziveka zovala kuseri kwa magalasi.

Madzulo, poyang'ana zithunzi zija, ndinapeza chimodzi choposa zinzake: diresi lobiriwira, msoko uliwonse ukuoneka bwino. Koma pakati pa diresilo panali nkhope ya munthu. Anali mayi wachikulire, atafunda nsalu kumutu, atakhala pansi tsidya lina la msewu, kapu ya pepala ili m'manja. Ndinali nditaima pamalopo nthawi ndithu, nditamufulatira, osamuona mpang'ono pomwe.

Palibe chozizwitsa apa. Galasi limalola kuwala kudutsa, komanso limabweza gawo lina la kuwalako. Masana, kunja kukawala kuposa m'kati, galasi la sitolo limasanduka kalilole, ndipo msewu wonse umaonekera pamwamba pa katundu. Diso lathu limasankha chimene mtima ukufuna, zotsalazo nkuzitaya. Kamera ilibe mtima, kotero imatola zonse. Eugène Atget, amene anajambula misewu ya mzinda wa Paris kwa zaka pafupifupi 30 mpaka imfa yake mu 1927, sanalimbane ndi khalidwe ili la galasi. M'zithunzi zake za masitolo a pa Avenue des Gobelins, za mu 1925, zidole zovala masuti zikuoneka zitasakanikirana ndi mitengo ndi nyumba za kunja, ngati zaima pakati pa msewu. Zithunzi za munthuyu zinaonedwa kuti ndi chuma, ndipo mu 1968 zambiri zinakasungidwa ku Museum of Modern Art mu mzinda wa New York.

Ine sindine Atget, ndipo funso langa linali lapafupi: kodi mayiyu ndimufufute? Lamya za masiku ano zimatha kuchotsa munthu pa chithunzi mwa kungomukhudza ndi chala. Mlongo wanga anapempha diresi, sanapemphe mphawi wa ku Ulaya. Palibe amene akanavulala. Komabe nditadzifunsa chifukwa chimene chala changa chinali kufulumirira, yankho silinandikondweretse, abale anga. Ndinali kuganiza kuti mayiyo waononga chithunzi changa. Munthu wamoyo anali atasanduka banga pa nsalu yovala chidole. Masana ndinamufulatira mosadziwa; tsopano ndinafuna kumufulatira kachiwiri, ndikudziwa.

Wina anganene kuti, "Tsono musunge chithunzicho, ndipo muonetse anthu, pakuti ndicho chonena zoona." Ndinayamba kuganiza chomwecho, ndipo ndivomere kuti maganizowo ananditsekemera, chifukwa chithunzi cha chuma ndi umphawi zili pamodzi chimakoma kuchionetsa, ndipo wochijambula amaoneka ngati munthu wozama. Koma nanga mayiyo ndinamupempha? Ife a ku Africa timadziwa kuwawa kwake kwa mlendo amene amatsika m'galimoto, kujambula ana athu ali ndi fumbi, ndi kupita osafunsa dzina la mmodzi yemwe. Kuyendayenda ndi nkhope ya mayiyu kuti anthu azizizwa kukanakhala kumuika iyenso pa zenera, pambali pa diresi lija, kusiyana kwake kungokhala kwakuti chidole sichichita manyazi.

Choncho njira zonse ziwiri zinali ndi minga, ndipo ndinaona kuti cholakwa sichinayambire pa chithunzi. Chinayambira pa msewu, pamene ndinali ndi mpata wotembenuka ndi kupereka moni.

Lolemba usiku ndinabwerera komweko. Kunja kukada ndipo nyale za m'sitolo zikayaka, msewu umazimirira pa galasi, nkutsala zovala zokha. Ndisanatulutse lamya, ndinayamba ndacheuka. Pamalo paja panalibe munthu, ngakhale kapu. Ndinajambula diresilo, chithunzi choyera chopanda chinyengo chilichonse, ndi kutumiza kumudzi. Mlongo wanga anayankha m'mawa mwake kuti nsaluyo anaidula mopingasa, ndicho chifukwa chake ikugwa mofewa chotero, ndipo anati ayesa pa chitenje.

Chithunzi choyamba chija chikadali m'lamya mwanga. Sindinachifufute, ndipo sindinachionetse munthu aliyense. Ndinadutsanso mu Via dei Condotti kawiri ndisanachoke ku Roma, koma mayiyo sindinamupezenso.