Khadi la Mpingo ndi Mbale ya Wamasiye ku Kafue

Tauni ya Kafue inakula ndi mafakitale. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, pafupi ndi pomwe njanji ndi msewu waukulu zimaolokera mtsinje wa Kafue. Cha m'ma 1970, boma la Kenneth Kaunda litatsegula fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, anthu anakhamukirako kuchokera ku Chipata, Petauke, Lundazi ndi madera ena. Masiku amenewo kampani inali tate: nyumba ku Kafue Estates, mankhwala mwana akadwala, thandizo maliro akagwa. Koma kuyambira 1991, boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa makampani a boma, zinthu zinatembenuka. Kafue Textiles inadzatsekedwa, fakitale ya feteleza inafooka, ndipo ambiri anakhala pakhomo zaka ndi zaka kudikira ndalama zopumira pantchito.

Munthu amene wakhala m'tauni zaka makumi atatu sabwerera kumudzi wamba. Munda anagawana kale abale, ana ake Chinsenga kapena Chitumbuka amangochimvera patali. Kwa anthu otere a m'madera a Kafue monga Shikoswe, Nangongwe ndi Zambia Compound, ntchito imene ikanagwiridwa ndi nkhoswe, atsibweni ndi anyakwawa inagwera mpingo.

Mipingo yolamulidwa ndi akulu ampingo inafika m'matauni a m'mbali mwa njanji pamodzi ndi anthu ake a kum'mawa. Reformed Church in Zambia inayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Sinodi ya CCAP ya Zambia, mphukira ya mishoni ya Livingstonia kudzera ku Chasefu, inaima payokha mu 1984. Mphamvu ya dongosolo lawo imaonekera bwino mpingo ukakhala waung'ono. Akhristu amagawidwa m'madera, dera lililonse ndi mkulu wake, ndipo mkati mwa sabata amapemphera m'makomo mosinthana. Amene walowa m'nyumba ya mnzake kukapemphera waona ndi maso ake ngati mbaula yayaka tsikulo. Abusa angakhale ndi nyumba zopemphereramo zingapo zoti ayendere, koma mkulu wa dera amadziwa amene wagona m'chipatala, amene mwana wake wasiya sukulu, ndi banja limene lasiya kulankhulana.

Pa maliro ndiye palibe wowaposa. Uthenga ukangomveka, amayi a Chigwirizano kapena a Umanyano amafika ndi ufa, makala ndi zitenje zofunda. Amagona pasiwa masiku onse, kuphika, kutunga madzi, kuimba mpaka mbandakucha, ndipo tsiku loika amavala yunifolomu yawo yoyera ndi yakuda. Azibambo amayendetsa kabuku ka chipepeso, amafunafuna galimoto, amakambirana za bokosi. Maliro n'kulirana, ndipo ku Kafue mawuwa amawachita ndi manja.

Funso lovuta limabuka pamenepa. M'mipingo yambiri yotere mkhristu aliyense ali ndi khadi lolembapo chopereka chake cha mwezi ndi mwezi. Vuto likagwa pakhomo, pamakhala wina wofunsa kuti, "Kodi khadi lawo lili bwanji?" Asungichuma ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopepuka. Thumba la mpingo wa mabanja ochepa limadzazidwa ndi mayi wogulitsa nsomba pamsika ndi bambo wa maganyu. Alipo anthu amene amakumbukira tchalitchi pokhapokha bokosi likafunika, ndipo opereka mokhulupirika amamva kuwawa. Komabe khadi lopanda kanthu kawirikawiri limanena za umphawi, osati za mtima wouma. Wamasiye amene walephera kupereka miyezi isanu ndi umodzi ndiye woyamba kusowa thandizo, ndipo mpingo ukamuyeza ndi khadi wasanduka chilimba, chomwe chimabwezera yekhayo amene anasonkha. Chilimba n'chabwino, chasunga mabanja ambiri, koma chisomo chimene mipingoyi imalalikira Lamulungu lililonse chimapita kwa wopanda chobweza.

Palinso chachiwiri. Mpingo umene umapeza ndalama za bokosi m'tsiku limodzi nthawi zina unalephera kupeza ya basi yoti wodwala yemweyo akafike ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Izi zimawawa kuzinena, koma akhristu eni ake amazinong'ona pobwera kumanda.

Mwambo wa mipingoyi uli nalo kale yankho, ndilo udindo wa mtumiki. Mutu 6 wa buku la Machitidwe umasimba za madandaulo oti amasiye ena ankaiwalidwa pogawa chakudya, ndipo mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira zimenezo. John Calvin, m'malamulo a mpingo wa ku Geneva a 1541, anaika atumiki kuti azisamala osauka ndi odwala. Mu 1819 Thomas Chalmers anagawa parishi yake yosauka ya St John's ku Glasgow m'madera 25, lililonse ndi mtumiki woyendera makomo. Mtumikiyo ankayamba wafufuza ngati munthu angapeze ntchito, ngati abale ndi anansi angathandize, kenaka n'kutsegula thumba la mpingo. Ena ankati njirayi inali youma mtima, ndipo inatha mu 1837, koma mfundo yake inatsala: wosauka aziyenderedwa asanapemphe. Chalmers yemweyo anatsogolera Free Church of Scotland mu 1843, mpingo umene unatumiza mishoni ya Livingstonia mu 1875. Choncho mtumiki wa CCAP ku Zambia ndi mdzukulu wa atumiki a ku Glasgow aja, ngakhale kuti lero ambiri amadziwika ndi kuyendetsa mbale ya chopereka ndi kuwerenga ndalama mapemphero akatha.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinaonetsa kukula kwa nkhaniyi. Ufa unakwera mtengo, magetsi ankazima maola ambiri patsiku ngakhale malo opangira magetsi a Kafue Gorge ali pafupi, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi anakhala manja lende, ndipo ena anagwa m'manja mwa a kaloba. Njala yotere siimba belu monga maliro. Amaipeza ndi munthu woyenda khomo ndi khomo.

Bwalo la akulu ampingo lili ndi mphamvu yokonza izi osadikira sinodi kapena abwenzi akunja. Lipatule gawo la zopereka za masika kukhala thumba la odwala ndi amasiye, liwatume atumiki aziyendera madera awo mwezi uliwonse ndi kubweretsa lipoti, ndipo lilembe m'mabuku ake kuti pothandiza munthu wovutika khadi lake lisamafunsidwe.