Kodi Msilikali Wopunduka Ayenera Ukalaliki?

Tsiku lina la msika pa Msundwe tinamva akulu awiri alikutsutsana. Wina anati: Msilikali wobwera kunkhondo wopunduka, Boma limpatse ukalaliki, ngakhale pali mnyamata wompambana pa cholembera. Mnzake anakana, nati: Kalaliki asunga mabuku a anthu onse, akaphonya chiwerengo, wolira ndiye mkazi wamasiye wa kwa Kabudula, amene sanatume munthu kunkhondo. Tinabwerera kwathu mlandu usanathe, koma sunatichoke mumtima.

Funsoli si la lero. Itatha nkhondo ya 1914 kufikira 1918, a ku England anakhazikitsa mu 1919 kaundula wotchedwa King's National Roll, wa eni ntchito olonjeza kuti pa antchito 100 alionse, asanu adzakhala asilikali opunduka. M'maofesi a Boma lawo akazi ambiri amene anagwira cholembera m'zaka za nkhondo anachotsedwa, kuti asilikali akhale pa mipando yawo. Taonani, mangawa a mtundu wonse anawabweza ndi nsima ya akazi amenewo.

Kwathu kuno zinayenda mwina. Pa nkhondo yomweyo Nyasaland inapereka asilikali ngati 19,000, ndi amtengatenga ngati 200,000, amene anasenza akatundu m'mvula ndi m'njala, namwalira ambiri panjira. Ochuluka mwa obwerawo sanadziwe kulemba, chotero khomo la ukalaliki linali lotseka kwa iwo. Amwayi analowa umesenjala pa Boma, kapena upolisi, kapena ulonda. Otsala anabwerera kumidzi. Ndipo m'zaka za m'ma 1920, pamene ulimi wa fodya unafalikira kuno kuchokera ku Mbabzi, ena anapezamo ndalama ya msonkho. Koma fodya afuna msana wolimba ndi miyendo iwiri, kuunga mizere ndi kutema nkhuni zomufukizira. Wopunduka anatsala pakhonde, nadya za abale ake.

Nanga Mawu a Mulungu atiphunzitsanji? Pa 1 Samueli 30, Davide analamula kuti otsala kusunga akatundu alandire gawo lolingana ndi la omenya nkhondo. Lamulo limenelo likadasungidwa kuno, amtengatenga athu sakadaiwalika. Ndiponso pa 2 Samueli 9 tiwerenga za Mefiboseti, wopunduka mapazi onse awiri. Iyeyu sanapundukire kunkhondo, koma atate wake Yonatani anafera komweko. Davide anambwezera minda ya Sauli, namkhazika pa gome lake masiku onse. Koma sanamyese mlembi. Mlembi wa mfumu anali Seraya. Davide anabweza mangawa ndi chuma cha ufumu, osalanda ntchito ya munthu wina, kapena kuika mabuku m'manja osawazolowera.

Chotero tiyesa kuti akulu aja ananena zoona onse awiri, koma aliyense theka. Pakakhala awiri okhoza ntchito, msilikali atsogole, pakuti zaka zimene mnzake anali pa benchi la sukulu iye anali kugona m'maenje. Koma ngati sadziwa ntchitoyo, kumkhazika pa mpando ndiko kumchititsa manyazi pamaso pa anyamata, amene adzamseka kumbali ndi kumlembera. Boma liyambe lamphunzitsa, limdyetse pophunzirapo, ndipo ndalama yake ituluke m'msonkho wa ife tonse. Apa ndi pamene ambiri a ife titontholera, pakuti kuyamika asilikali pa chipilala cha ku Zomba kulibe mtengo, koma sukulu ili nawo.

Musayese kuti nkhaniyi inatha ndi agogo athu. Mu November 2018 asilikali a Malawi asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, ku Congo, ali pa ntchito yosunga mtendere, ndipo ena anavulala. Akulu a mpingo afunse m'midzi mwawo ngati muli msilikali wobwera chotero, ndi kuti adya chiyani. Pakuti nyumba zathu za sukulu zikhala zopanda anthu madzulo onse, ndipo aphunzitsi opuma pa ntchito tili nawo.