Dzimbiri la pa tinjanji ta fresadora

Fresadora si chigayo ayi. Ndi makina osemera zitsulo, aja timawaona m'maofisina a amisiri ku Moatize. Tebulo lake limatsetsereka pa tinjanji tosalala, ndipo makina akale akakhalitsa pachinyontho, dzimbiri limayambira pomwepo.

Mmisiri wina amakwecha ndi sandipepala, n'kupaka penti thupi lonse. Pofika madzulo makina akunyezimira. Wina amachotsa dzimbiri ndi mafuta ndi kamwala konolera, amapaka utoto wabuluu pa chitsulo chowongoka, amachikhuza pa kanjanji, n'kupala ndi manja paliponse pamene pathimbirira. Zimadya masabata.

Kodi woyambayo akagulitsa osanena kanthu, wanama? Ine ndimati wanama. Diso la wogula silingaone kupendeka kosakwana milimita imodzi. Koma chitsulo chosemedwa pamenepo chikalowa m'mabuleki a lole yotsika zitunda za Zóbuè pamsewu wa EN7, dalaivala ndi amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu kunalibe potsatsana mtengo.

Omvera ena pawailesi amandiuza kuti mmphawi alibe masabata odikira. N'zoona. Ndiye agulitse dzimbiri lili poyera, wogula awerenge yekha timaenje tonse, mtengo utsike.