Kodi Miyezi Itatu Ndi Yochepa?

Sabata yatha ndinakazonda bambo ena achikulire a kwathu ku Dedza, omwe amakhala kuno ku Hanley. Akudwala khansa ya m'mimba. Madokotala anadula kanyama pa chotupacho n'kukayeza ngati kali ndi puloteni yambiri yotchedwa HER2, imene imachititsa maselo kuchulukana. Anaipezadi, ndiye akulandira trastuzumab. Mwa odwala asanu alionse, pafupifupi anayi sapezeka nayo, ndipo mankhwalawa sawathandiza.

Kafukufuku wa ToGA, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anasonyeza kuti olandira trastuzumab pamodzi ndi mankhwala ena ankakhala ndi moyo miyezi 13.8, pomwe anzawo inali 11.1. Ndisaname, pakamwa panandipulumuka. Ndinati mankhwala odula chonchi, kungogula miyezi yosakwana itatu? Ndalama zimenezo bwenzi zitachiza ana angati a malungo kumudzi?

Bambowo anangoseka. "Mwanawe, mdzukulu wanga akukwatiwa mu Ogasiti. Ndikufuna ndikavine."

Funso langa la malungo lija likundivutabe mpaka lero. Koma pamaso pawo sindinathe kulibwerezanso, ndinangowathirira tiyi.